Mwavulala muli kutchuthi kunja kwa dziko: poyambira ndi zoyenera kuzitaya

Tsiku lachitatu la tchuthi chathu ku Lisbon, mayi a kunyumba anaterereka. M'mawa umenewo kunawaza kamvula, ndipo timiyala toyera timene Apwitikizi amayala m'njira za oyenda pansi, eni ake amati calçada, tikanyowa timaterera kuposa therere. Tinkatsika kanjira kotsetsereka ku Alfama, ine patsogolo foni ili m'manja kufufuza njira. Ndinangomva "mayo ine!" Pocheuka, mayi ali pansi, chikwama chili uko, phazi lakumanzere aligwira ndi manja awiri.

"Mwapweteka kwambiri, mayi?"

"Ayi bambo, ndangobinya. Ndigwireni dzanja."

Mawu akuti ndangobinya amenewo anatidyera tsiku lathunthu. Tinabwerera kogona pa takisi, ine n'kuwiritsa madzi m'ketulo, n'kuthowa phazilo ndi thaulo monga ankachitira agogo. Ndinalisisitanso ndi mankhwala opaka otentha aja. Kutacha phazi linali ngati dzungu, nsapato yosalowa, koma tinanyamukabe kulowera ku siteshoni ya Rossio chifukwa matikiti okaonera nyumba yachifumu ku Sintra tinali titalipira kale, m'mayuro. Aliyense amene anavutikapo kusaka ndalama zakunja ku Malawi kuno akudziwa kulemera kwa mawu akuti "tinalipira kale". Mayi anangoponda kangapo n'kukhala pakhonde la sitolo, thukuta lili kamukamu. Kuchipatala anapeza kuti fupa laling'ono la kunja kwa mwendo linathyokera pafupi ndi kakolo.

Chichitikireni zimenezo ndinasanduka ofesi ya madandaulo. Mphwanga atagwa potsika Lion's Head ku Cape Town anaimbira ine. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu atathyoka dzanja m'bafa kwa mwana wawo ku Leeds, achibale anaimbira ine. Nkhani zake zimapita mofanana: kuvulalako kumakhala kochepa, chachikulu n'chimene timadzionjezera tokha pokakamira pulogalamu imene tinachoka nayo kunyumba. Zimene ndimawauza pafoni ndi izi.

Patupa, koma simukudziwa ngati n'kubinya kapena kuthyoka

Ife tinaleredwa kuti munthu akatha kuponda ndiye kuti fupa lili bwino. Si zoona. Fupa la kunja kwa mwendo silisenza thupi kwenikweni, ndiye munthu amatha kutsimphina nalo lili lothyoka, makamaka munthu wopirira ngati amayi athuwa amene anazolowera kulima mutu ukuwawa.

Madokotala a ku Ottawa, ku Canada, anakonza mu 1992 njira yosavuta yodziwira phazi lofunika kujambulidwa, ndipo zipatala zambiri padziko zimaitsatira. Mungathe kuiyesa muli m'chipinda cha hotela. Kanikizani ndi chala kuseri ndi kunsonga kwa timafupa tiwiri totumphuka m'mbali mwa kakolo. Kanikizaninso kafupa kotumphuka m'mphepete mwa phazi chakunja, pakatikati pa chidendene ndi chala chaching'ono, kenako pamwamba pa phazi chamkati, kutsogolo pang'ono kwa kakolo. Ngati ululu uli pa fupa penipeni pa malo ena mwa amenewa, kapena ngati munthuyo sangaponde kanayi motsatizana, kumeneko n'kwa X-ray. Ndikanadziwa izi usiku uja, bwenzi mayi atalumpha nditangokhudza kuseri kwa kakolo, ndipo bwenzi titapita kuchipatala tsiku lomwelo.

Pali zina zosafuna n'kuyesa komwe. Mwendo kapena dzanja likapindika mosakhala bwino, fupa likaonekera, zala zikazizira, kuchita dzanzi kapena kutuwa, itanani ambulansi. Chimodzimodzi ngati munthu anamenyetsa mutu n'kuyamba kusanza, kusinza mosadziwika bwino kapena kuyankhula zosagwirizana, makamaka wachikulire kapena amene amamwa mankhwala osungunula magazi. M'maiko onse a European Union nambala yake ndi 112. Ku Britain ndi 999, ndipo 111 ndi ya uphungu pa zosafika pangozi. Ku South Africa ambulansi ndi 10177, kapena 112 pa foni yam'manja. Ku Dubai ambulansi ndi 998. Ku America ndi 911. Ku Portugal kulinso 808 24 24 24, kumene anamwino a boma amakufunsani mafunso n'kukuuzani kopita.

Tsono za kuthowa. Ndikudziwa ena andikwiyira, koma masiku awiri kapena atatu oyambirira madzi otentha amaonjezera kutupa, kusisita nakonso chimodzimodzi, ndipo kukoka mwendo kuti "ubwerere m'malo" kungasunthe fupa limene likanapola bwinobwino lili pomwepo. Chofunika ndi ayisi wokulunga m'kansalu, mphindi 20 pa maola awiri kapena atatu aliwonse, phazi lili pamwamba pa mapilo kuti lipose chifuwa. Kubala ya hotela ayisi amapereka mukapempha. Paracetamol munthu wamkulu asapose magalamu 4 patsiku, ndiye kuti mapiritsi 8 a 500 mg, ogawa kanayi. Ibuprofen amathandiza koma amwedwe mutadya, ndipo amene ali ndi zilonda zam'mimba, vuto la impso kapena BP yovuta ayambe wafunsa kufamase. Mowa usiyeni. Kupatula kuti umatupitsa, fungo lake likalembedwa m'lipoti la dokotala a inshulansi amapezerapo pothawira.

Mukuopa chipatala chifukwa cha ndalama

Tinene chilungamo: chimene chimatigoneka ndi fupa lothyoka m'hotela si kulimba mtima, ndi mantha a bilu. Munthu umayamba kusintha mayuro kukhala makwacha m'mutu, mutuwo n'kuyamba kuwawa kuposa phazi.

Ngati muli ku Ulaya pa viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a kumeneko kuphatikizapo Portugal, inshulansi muli nayo, kaya mukuikumbukira kaya ayi. Viza imeneyi sapereka popanda inshulansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000. Ambirife timaigula ngati msonkho, kuti pepala likalowe m'faelo ya ku embase, kenako n'kuiwala. Yathu ndinaipeza pansi pa sutikesi, itapindidwa limodzi ndi makope a pasipoti. Papepalapo pamakhala manambala awiri ofunika: ya polisi yanu ya inshulansi, ndi ya foni yothandiza anthu usana ndi usiku. Imbani yachiwiriyo musanapite kuchipatala ngati si zamwadzidzidzi, kapena mutangofika ngati munathamangira. Akupatsani nambala ya nkhani yanu. Ilembeni pamalo atatu, chifukwa aliyense amene muyankhule naye kuyambira pamenepo aziyamba n'kuifunsa.

Chifukwa choimbira msanga n'chakuti a inshulansi ambiri amafuna avomereze okha chithandizo chodula chisanachitike, ndipo amatha kutumiza kalata kuchipatala yolonjeza kuti alipira iwo. Kalata imeneyi ndi imene muyenera kuimenyera nkhondo. Popanda iyo mulipira nokha n'kudzabwezeredwa pambuyo, ndipo khadi la kubanki ya kwathu limatha kukana pa kauntala chifukwa cha malire a ndalama zakunja, muli ndi ndalama zokwanira mu akaunti. Lathu linakana kawiri. Anatipulumutsa ndi mwana wathu wa ku Manchester amene analipira ndi khadi lake. Ngati muli ndi m'bale kunja, muuzeni msanga kuti akhale tcheru, osati kumudzidzimutsa muli kale pamzere wolipira.

Foni ikamangolira osayankhidwa, kapena mayunitsi akutha chifukwa nambalayo ndi ya dziko lina, pemphani kuimba pa foni ya hotela, ndipo tumizani imelo nthawi yomweyo yonena dzina, nambala ya polisi, chimene chachitika ndi chipatala chimene mukupita. Imeloyo ndi mboni yanu kuti munawadziwitsa pa nthawi yake.

Werenganinso zimene pepalalo likukana. Kawirikawiri pamakhala kandalama koyamba kamene mumalipira nokha, amalemba kuti excess. Ngozi ya njinga yamoto popanda chisoti kapena laisensi ambiri salipira. Matenda amene munali nawo kale koma simunawatchule pogula nawonso amabweretsa mkangano. Ndipo inshulansi yotchipa ya viza ija nthawi zambiri imathera pa chipatala ndi kukubwezani kwanu. Za hotela ndi matikiti amene mwaluza siziikhudza.

Mwana wathu ali ndi khadi lotchedwa GHIC limene anthu okhala ku Britain amathandizidwira m'zipatala za boma za m'maiko a European Union ngati eni dziko. Iye ankaganiza kuti lithandizanso amayi ake. Ayi, khadilo ndi la mwini wake yekha. Kwa amene mwapita kukacheza ku England komweko, dziwani kuti kuonedwa kuchipinda cha ngozi, chimene amati A&E, n'kwaulere kwa aliyense, koma akakugonekani kapena kukupatsani tsiku lobwereranso kwa dokotala wa mafupa, mlendo amalipiritsidwa 150 peresenti ya mtengo wa NHS, bungwe la zipatala za boma kumeneko. Ngongole ya mapaundi 500 kapena kuposa ikakhala miyezi iwiri osalipidwa imanenedwa ku Home Office, unduna woona za olowa ndi otuluka m'dzikomo, ndipo ingakulepheretseni viza ulendo wina. Viza yokacheza ku Britain safunsa inshulansi, n'chifukwa chake makolo ambiri amapita opanda kanthu. Ana amene mukuitana makolo, gulani inshulansiyo pamodzi ndi tikiti.

Ku embase ya Malawi, kaya ku Brussels, Berlin, London kapena Pretoria, angakuthandizeni pa za zikalata zoyendera ndi kudziwitsa abale. Bilu ya chipatala musaiyembekezere kumeneko.

Mwafika kuchipatala, koma palibe chikuyenda

Ku Portugal chipinda cha ngozi amati urgências. Mukalembetsa ndi pasipoti, namwino amakuonani n'kukumangani kachingwe kamtundu pamkono: kofiira, kaolenji, kachikasu, kobiriwira kapena kabuluu, motsatira kukula kwa vuto. Wofika pambuyo panu ndi kaolenji alowa inu muli pomwepo. Si tsankho, ngakhale munthu wakuda uli kwa eni maganizo amathamangira kumeneko. Ine ndinatsala pang'ono kukalankhula mawu, mayi n'kundikoka malaya. Tinakhala maola angapo. Nyamulani chaja, madzi ndi juzi, koma wovulalayo asadye kufikira dokotala atanena kuti opaleshoni sikhalapo.

Musatuluke pakhomo la chipatala opanda zinthu zinayi: lipoti la dokotala lonena chimene chapezeka ndi chimene achita, zithunzi za X-ray pa CD kapena pa imelo, pepala la mankhwala, ndi risiti yolembedwa chinthu chilichonse pachokha, m'dzina la wodwalayo monga lilili m'pasipoti. Pemphani kuti lipotilo, kapena chidule chake, lilembedwe m'Chingerezi. Madokotala achinyamata ambiri amachiyankhula. Funsaninso mafunso atatu dokotala asanathamangire kwa wina: phazili liponde pansi kapena ayi, lidzaonedwenso liti, ndipo ndege ya maola ambiri angakwere liti. Yankho la funso lachitatulo alilembe ndi kusainira. Ife tinaiwala, ndipo ndinabwererako masiku awiri pambuyo pake kukakhalanso pamzere chifukwa cha kapepala kamodzi. Safunsa anadya phula.

Ndodo zoyendera Apwitikizi amati canadianas. Chipatala sichinatipatse, tinagula kufamase, sitolo za mtanda wobiriwira zija. Risiti yakenso sungani.

Pulogalamu yasokonekera, mitima nayo yatupa

Apa ndi pamene pamagona nkhani, ndipo palibe dokotala amene amakuuzani. Tinali ndi masiku 12: Lisbon, Sintra, sitima ya Alfa Pendular ya maola atatu kupita ku Porto, ndipo pachimake penipeni, Fátima pa 13 Okutobala, tsiku lokumbukira kuonekera komaliza kwa Amayi Maria kwa ana atatu aja mu 1917. Mayi anakhala zaka akusunga ndalama za kubanki m'khonde chifukwa cha tsiku limeneli. Usiku umene tinachokera kuchipatala anatembenukira kukhoma n'kuti, "Bambo, ndakuonongerani ulendo." Ine, m'malo moti nditonthoze, ndinali pa foni kuwerengetsa ndalama zimene zapita. Ndikuchitabe nazo manyazi.

Langizo langa n'lakuti pulogalamu yakaleyo muiike m'manda usiku womwewo. Osaikonza, osaichepetsa, osati "mwina pofika Lachinayi mukhala mukuponda". Tengani pepala lina loyera. Ndalama zimene munalipira zapita kale, kaya mupite kaya musapite. Chimene chatsala m'manja mwanu ndi mwendo, ndipo fupa losunthidwa ndi kuyendayenda lingasanduke opaleshoni ya zitsulo kwa eni.

Yambani ndi kogona. Nyumba zakale za ku Lisbon zambiri zilibe chikepe, ndipo ife tinali pansanjika yachitatu. Kukwera kumeneko pa ndodo, mwendo uli m'chikhakha, kunali kuitana ngozi yachiwiri. Tinasamukira ku hotela wamba ya chikepe, yokhala ndi shawa yolowa osadumpha. Pofunsa chipinda tchulani zimenezi mwachindunji, chifukwa bafa la m'beseni lalitali lija munthu wa chikhakha salowamo. Posamba, jumbo yaikulu yomanga ndi selotepi pamwamba pa chikhakha, ndi kampando kapulasitiki. Chikhakha chikanyowa chimafewa ndipo khungu m'katimo limanyeka.

Kenako ndandalikani zonse zimene munalipira, muyambe ndi zimene nthawi yake yobweza mwaulere ili pafupi kutha. Zimene amati sabweza, lembanibe, mwaulemu, n'kuphatikiza kalata ya dokotala. Ena amabweza, ena amasintha tsiku, ena amakana. Wokanayo mupempheni akane polemba, chifukwa ngati inshulansi yanu ili ndi gawo la ulendo wodukizidwa, adzafuna umboni woti munayesa. Mwini nyumba imene tinasungitsa ku Porto anatibwezera theka popanda lamulo lililonse lomukakamiza, atangoona chithunzi cha chikhakha.

Mukatero funsani funso latsopano: mumzinda muno n'kuti kumene kuli kwa thyathyathya? Mzinda uliwonse uli nako. Lisbon amatchuka ndi zitunda, koma Baixa, imene inamangidwanso pambuyo pa chivomerezi cha 1755, ndi yosalala mpaka kumtsinje wa Tejo. Belém nakonso, kumene kuli nyumba ya amonke ya Jerónimos ndi sitolo imene yakhala ikuphika timakeke totchuka ta mazira kuyambira 1837. Dera la Parque das Nações linamangidwira chionetsero cha maiko cha 1998, njira zake n'zotakata, ndipo ku Oceanário munthu amazungulira nsomba zonse ali pa njinga. Njingayo tinabwereka pa sabata kusitolo ya zipangizo za odwala. Mayi anaikana tsiku loyamba: "Anthu aziti chiyani?" Anthu ake ati, mayi, kuno akutidziwa ndani? Chenjezo lokha n'lakuti timiyala tija timagwedeza njinga ngati msewu wa kumudzi nthawi ya dzinja, ndiye wokankha azifunafuna mbali yosalala.

Chinthu chimodzi patsiku, basi, kenako phazi pamapilo. Ndipo wosamalira nayenso apume. Mwana wathu atafika kuchokera ku Manchester, mayi anatithamangitsa okha: "Pitani kulinga kuja, mukandijambulire." Tinakwera ku Castelo de São Jorge awiri, iwo n'kutsala ndi wailesi ndi korona. Titabwerako tinali ndi nkhani zowauza, m'malo mongoyang'anana m'chipinda. Wovulala akaona kuti aliyense wamangidwa chifukwa cha iye, mtima umamupweteka kuposa fupa.

Akumudzi auzeni kamodzi, momveka, kudzera mwa munthu mmodzi wodekha. Mukabisa, chithunzi chimodzi chokhala ndi ndodo pakona chidzautsa mafoni usiku wonse, ndipo pofika m'mawa nkhani idzakhala yoti mwendo adula.

Ku Fátima pa 13 sitinapite. Tsiku limenelo anthu amadzaza bwalo lonse, ndipo chikhakha m'chikhamu n'kuputa dala. Tinapita pa 15, pa galimoto, ulendo wa ola ndi theka, mayi atatambasula mwendo kumpando wakumbuyo. Bwalo linali phee, lotakata, losavuta kukankha njinga. Pali kanjira kosalala kamene ena amayendapo chogwada mpaka ku kachalichi kakang'ono ka pamalo a kuonekera. Mayi anawayang'ana anthuwo nthawi yaitali, kenako anati, "Bambo, anzanga akubwera ndi maondo, ine ndabwera ngati bwana." Kanali koyamba kuseka chigwereni.

Ndege yobwerera

Musayerekeze kungofika pabwalo la ndege ndi chikhakha osanena. Makampani ambiri salola munthu kukwera pasanathe maola 24 chiikireni chikhakha ngati ulendo ndi wosakwana maola awiri, kapena maola 48 ngati ndi wautali, chifukwa m'mwamba mwendo umatupa ndipo chikhakha sichitamuka. Zikavuta dokotala amaching'amba m'mbali kuti pakhale mpata. Makampani ena amafuna fomu yawoyawo yotchedwa MEDIF, yodzaza dokotala. Imbani, funsani, ndipo yankho likhale pa imelo. Ngati a inshulansi ndi amene alipire kusintha tikiti, asinthe iwo kapena avomereze polemba musanasinthe nokha.

Msampha wina waukulu: tikiti ya maulendo angapo mukaphonya gawo limodzi osauza kampani, magawo otsalawo amafufutidwa. Ngati munayenera kuuluka kuchokera mzinda wina umene tsopano simupitako, musangoti tikakwerera kutsogolo. Sinthani tikitiyo.

Chithandizo cha njinga pabwalo la ndege n'chaulere. Ku European Union lamulo la 1107/2006 limakakamiza mabwalo kuchipereka, bola mupemphe kutatsala maola 48. Koma pempho lake lili ndi mitundu itatu, ndipo apa ndi pamene ndinaphunzira mowawa. WCHR ndi ya munthu amene sangayende mtunda wautali koma masitepe akwera. WCHS ndi ya amene masitepe sangakwere. WCHC ndi ya amene ayenera kunyamulidwa mpaka pampando. Ife anatilembera yoyambayo. Pabwalo lina posintha ndege basi inatitula pansi pa ndege, masitepe ali njo, mphepo ili kuwomba, ndipo tinadikira mpaka anthu onse atakwera kuti galimoto yokweza odwala ipezeke. Kwathu kuno munthu amatsika ndege pa masitepe, ndiye wa chikhakha cha mwendo anene WCHS, ndipo atsimikize kuti yalembedwa pa gawo lililonse la ulendo, osati loyamba lokha.

Pampando wa pakhomo lothawira ngozi sakulolani, ngakhale pali malo otambasulira. Chikhakha chothera pansi pa bondo chimalowa pampando wamba. Chopitirira bondo chimafuna kugula mipando yoonjezera, nkhani ina yokambirana ndi a inshulansi msanga. Ndodo zimadutsa m'makina ounikira katundu ndipo ponyamuka ogwira ntchito m'ndege amazisunga.

Choopsa chenicheni pa ulendo wobwerera ndi magazi kuundana m'mitsempha ya mwendo. Mwendo wosayenda, kuphatikizapo kukhala maola oposa anayi m'ndege, ndiye ngozi imakula, ndipo ulendo wa ku Lilongwe kuchokera ku Ulaya umadya usiku wonse ndi chigawo cha tsiku. Mayi anapatsidwa jakisoni wobaya pamimba tsiku lililonse woletsa zimenezi. Funsani dokotala ngati mukufunika wotere, ndipo majakisoniwo akhale m'chikwama cham'manja pamodzi ndi kalata yake. M'ndege imwani madzi, gwedezani zala, mwendo wabwinowo uzigwira ntchito. Katumba akayamba kuwawa, kutentha ndi kutupa, kapena munthu akamva kubaya m'chifuwa ndi kubanika, kaya m'ndege kaya patatha masabata muli kunyumba, thamangirani kuchipatala ndipo mukanene kuti munali pa ulendo wautali ndi chikhakha. Chikhakha chikathina mpaka zala kuchita dzanzi kapena kusintha mtundu, nachonso sichidikira mawa.

Mankhwala opha ululu amphamvu monga tramadol ndi codeine ndi oletsedwa kuyenda nawo mwachisawawa m'maiko ena, United Arab Emirates ndi Egypt ali m'gulu limenelo. Ngati mudzera ku Dubai kapena Cairo, akhale m'bokosi lake lenileni, dzina lanu lili pomwepo, kalata ya dokotala ili pambali.

Masiku a viza akutha, dokotala akuti musayende

Pa viza ya Schengen pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza: madeti oyambira ndi kuthera, ndi chiwerengero cha masiku amene mwaloledwa kukhala. Madetiwo amatha kukhala ndi masiku 15 apamwamba, koma chimene chimakumangani ndi chiwerengerocho. Mukaona kuti chikutherani, ndime 33 ya malamulo a viza imalola kuonjezera popanda malipiro ngati chifukwa chake n'chosapeweka, monga kugonekedwa m'chipatala. Pemphani viza isanathe, ndi kalata ya dokotala yonena kuti simungayende mpaka tsiku lakuti. Ku Portugal nkhani za alendo zili m'manja mwa ofesi ya AIMA, imene inalowa m'malo mwa ofesi yakale ya SEF mu Okutobala 2023. Mzere wake ndi wautali, ndiye sungani umboni uliwonse woti munapempha nthawi ikadalipo.

Ku South Africa n'kumene mphwanga anatsala pang'ono kupsa. Kumeneko wopyola masiku ake amalembedwa kuti ndi wosafunika m'dziko: chaka chimodzi ngati wapyola ndi masiku osaposa 30, zaka zisanu ngati waposa pamenepo. Wogwira ntchito pachipata amadinda kaye, zodandaula pambuyo. Kwa munthu amene bizinesi yake ndi yokaoda katundu ku Johannesburg, chidindo chimenecho n'chowawa kuposa bondo. Iye anasankha kubwerera masiku ake asanathe, dokotala atamulola, n'kudzapitiriza chithandizo kuno.

Masiku akaonjezereka kumbukiraninso mankhwala a tsiku ndi tsiku amene munawerengera ulendo wokha: a BP, a shuga, ma ARV. Musadikire kuti atsale awiri. Onetsani botolo kwa dokotala yemweyo amene akuona mwendo kuti akulembereni ena. Inshulansi nayo ili ndi tsiku lothera, afunseni ngati ikupitirira yokha.

Mwafika kunyumba

Sabata yomweyo kaonetseni mwendo, zithunzi ndi lipoti zili m'manja. Ku Lilongwe kuli chipatala cha mafupa cha LION pa Kamuzu Central, ku Blantyre kuli Queens, ndipo m'zipatala za m'maboma muli madokotala othandizira a mafupa amene ntchito yawo yaikulu ndi yomweyi. Fupa ngati la mayi limatenga masabata pafupifupi 6 kuti ligwirane, ndipo chikhakha chikachoka phazi limakhala louma ndi lowonda, lofuna mafizo. Alendo odzazonda adzabwera ndi malangizo awo, wina ndi mankhwala otemera, wina ndi dzina la munthu wodziwa kuwongola mafupa. Alandireni, apatseni tiyi, chikhakha chisakhudzidwe.

Mapepala a inshulansi tumizani msanga, chifukwa pamakhala malire a masiku. Jambulani risiti iliyonse musanaipereke, popeza inki ya timapepala ta m'makina ija imafufutika pakatha milungu yochepa. Athu anabweza za chipatala, za mankhwala ndi za ndodo, atachotsa excess yawo. Za hotela yatsopano, za njinga ndi za sitima ya ku Porto anakana, ndipo nditawerenganso pepala lija ndinapeza kuti sanalakwe. Ndalamayo inalowa patapita miyezi, m'makwacha, pa mtengo wa kubanki wa tsiku limenelo. Mwana wathu amene analipira m'mapaundi tinamuuza kuti ndalama yake ilipo, adzaidye akadzabwera pa Khrisimasi.